Ndinaseka mabulangete a malume: masiku 11 m'boti pa Shire nthawi ya chisanu

Malume atandiuza kuti ndinyamule mabulangete awiri ndi jekete yosalowa madzi, ndinaseka mpaka misozi. Ine wobadwira ku Nchalo, ngakhale ndakulira ku Ndirande, munthu n'kumandiuza za chisanu kuchigwa? Kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu n'kumagona pabwalo atavula malaya? Ndinati, "Malume, mabulangete ndi a anthu a ku Dedza ndi ku Bvumbwe." Iwo sanalimbane nane. Anangoti, "Chabwino mphwanga, ukaona wekha," n'kupitiriza kusoka lona wawo.

Ndimagulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankatibweretsera milamba ndi mphende zowamba kuchokera kuchigwa anakweza mitengo moti phindu linkangokwanira ndiwo za kunyumba. Ndiye ndinaganiza zowadumpha, ndikagule ndekha kwa asodzi amene amagona m'misasa mkati mwa dambo lalikulu lija azungu amalitcha Elephant Marsh. Malume ali ndi boti lamatabwa la injini ya Yamaha 15, limene amawolotsera anthu ndi katundu. Tinapangana kuti tinyamuke kufupi ndi Nchalo, titsike ndi madzi tikugula msasa ndi msasa, tikatulukire ku Chiromo pakatha masiku 5. Wachitatu anali msuweni wanga, mwana wa malumewo, mnyamata wa zaka 17.

Ndinali ndi K900,000. Mwa imeneyi K400,000 inali ngongole ya banki m'khonde, yobweza ndi chiwongola dzanja cha 20 peresenti. Petulo ndinagula malita 60 pa K2,530 lita imodzi, oyilo wosakaniza naye, ufa, nyemba, shuga, mchere, thumba la makala ndi mbaula. Malume ndinawapatsa K80,000 ya boti. Chofunda ndinatenga chimodzi chopyapyala chimene amayi akunyumba anandikakamiza, ndi juzi imodzi.

Tinanyamuka Lachinayi pa 6 Juni 2024. Chaka chimenecho chinali chozunguza mutu. Kumunda chimanga chinapserera ndi ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi ya njala, koma Shire anali wodzaza thothotho chifukwa nyanja ya Malawi inakwera kwambiri ndipo ku Liwonde ankatulutsa madzi ambiri. Madimba ambiri amene anthu amadzalamo mbatata ndi chimanga nthawi imeneyi anali akadali m'madzi. Malume anandichenjeza kuti njira zina zimene ankazidziwa zinakwiririka ndi mchenga wa namondwe Freddy mu 2023, zina zatsopano n'kutseguka. Ine ndinkangomva ngati nkhani za akuluakulu.

Tsiku loyamba linali lokoma, ndisaname. Dzuwa lofunda bwino, madzi ali phee, akakowa ndi atsekwe akuuluka m'bango, mapiri a ku Thyolo akuoneka kum'mawa. Ng'ona zinali zitadziyanika pamchenga pakamwa pali yasa, chifukwa nazonso nyengo yozizira zimasaka dzuwa. David Livingstone atadutsa muno mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero njovu mulibe ndi imodzi yomwe, zatsala mvuu ndi ng'onazo, ndipo n'zokwanira kukusowetsa tulo. Malume ankagogoda m'mbali mwa boti ndi nkhafi tikamayandikira pokhota, kuti mvuu imve isadzidzimuke. Anandiletsa kulowetsa dzanja m'madzi. Madzi ankatunga ndi ndowa ya chingwe, ndipo pamalo amodzi sankatungapo kawiri.

Dzuwa litangolowa, zinthu zinatembenuka ngati wina wazimitsa moto. Malume anazika nsungwi m'matope n'kumangirirapo boti, pataliko ndi timipata timene mvuu zimatulukira pokadya usiku. Tinadya nsima, tinakoka lona pamwamba, tinagona pamatabwa. Cha m'ma 2 koloko ndinadzuka mano akugundana. Kumtunda usiku wa Juni kuchigwa kumazizira cha m'madigiri 13 kapena 14, zimene m'nyumba ya njerwa yotentha ndi dzuwa la masana suzimva n'komwe. Koma pamadzi n'kwina. Chisanu chimachokera pansi, kudzera m'thabwa lonyowa, kulowa m'nthiti. Mame amadontha kuchokera ku lona. Chofunda changa chinali chitanyowa ngati chagwera mumtsinje. Malume anali mkonono uli pakati, atadzikulunga m'bulangete, chipewa chaubweya kumutu, pansi atayala makatoni ndi mphasa. Manyazi anandigwira, sindinawadzutse. M'mawa anangondiyang'ana, n'kutulutsa bulangete lachiwiri m'thumba la pulasitiki, n'kundiponyera. Anali atandinyamulira.

Amene mukufuna kugona pamadzi miyezi ya Juni ndi Julayi, yambani ndi cha pansi musanaganize cha pamwamba. Makatoni awiri atatu ndi mphasa zimathandiza kuposa juzi yachiwiri. Khalani ndi zovala zogonera zokha, zouma, zomangidwa m'pulasitiki, zimene simuzivala masana zivute zitani. Zamasana zimakhala zonyowa nthawi zonse chifukwa boti lamatabwa limalowa madzi, ndipo ntchito yokapa ndi chigubu chodula siitha.

Moyo wa m'boti unali wotere. Timadzuka kukadali mbuu ndi nkhungu, moti ngakhale nsonga ya boti suiona bwino. Ine ndinkafuna tizinyamuka 5 koloko kuti tipeze asodzi akungovuula maukonde, koma malume ankakana mpaka nkhungu itayera, nthawi zina 9 koloko. M'dambo timitsinje n'tambirimbiri, bango ndi gumbwa n'zazitali kuposa munthu, ndipo ukalowa njira yolakwika umatha petulo ukuzungulira pamodzimodzi. Tikudikira, msuweni ankakoleza mbaula pa chidutswa cha lata kumutu kwa boti, tiyi n'kuwira, mbatata ya dzulo n'kutenthetsa. Madzi akumwa tinkathira WaterGuard. Kusamba kunali kudzipukuta ndi nsalu yoviika m'ndowa. Kudzithandiza ndiye nkhani imene palibe anandiuza: umadikira mpaka mupeze kachilumba kouma, wina ataima chapafupi akuyang'ana m'madzi. Masiku awiri oyamba m'mimba munangouma ndi mantha.

Vuto loyamba la bizinezi linali loti nsomba kunalibe zambiri. Asodzi anandiuza kuti madzi akazizira nsomba zimabisala pansi, sizidya, siziyendayenda. Msasa umene ndinkayembekeza kupezapo madengu atatu tinkapezapo limodzi, mwinanso theka. Ndikanafunsa ndisanakongole ndalama, aliyense wa kugombe akanandiuza zimenezi kwaulere. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, ndalama zina ndinazisiya mufoni poganiza kuti ndizilipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Msodzi wina wachikulire, wolankhula Chisena, anandiseka n'kuti ndalama ya mufoni akaitapa kwa mvuu kodi? M'chaka cha njala chotere chimene ankafuna kwenikweni chinali ufa, mchere, sopo ndi mabatire a tochi. M'misasa ina tinapeza amayi akuphika nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tija anthu a kuno amadya zinthu zikavuta. Ufa wathu wa ulendo unayamba kupita ku malonda, ndipo unandigulira nsomba zambiri kuposa ndalama ya mtengo womwewo.

Tsiku lachinayi la ulendo namasupuni anatitsekera njira. Udzu woyandamawu umabwera ngati munda wathunthu, n'kuthinana pakamwa pa kamtsinje. Tinayesa kuboola ndi injini, pulopela inakulungidwa, injini n'kuzima. Msuweni anachotsa zinyalalazo ndi chikwanje ali chogona pamphepete pa boti, malume atamugwira miyendo. Tinabwerera, kuzungulira njira ina, kukwera motsutsana ndi madzi. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti petulo wa pamtsinje sawerengera mtunda ngati wa minibasi. Kutsika ndi madzi injini imangonong'ona, koma kukwera imamwa ngati ili pa ukwati. Pofika madzulo a tsiku lachisanu, limene ndinkati tidzakhala tili ku Chiromo, tinali tikadali pakati pa dambo, zigubu ziwiri zili gwaa, chachitatu chatsala pang'ono.

Kenako chiperoni chinatsika. Amene simukuchidziwa, ndi mphepo yozizira yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kum'mawa kwa Chiromo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje amachidziwa bwino. Kuchigwa sichigwetsa mvula yambiri, koma kamvula kowaza, mitambo yotsika ndi mphepo yosaleka n'zokwanira kwa munthu amene alibe khoma lobisalako. Dzuwa silinaoneke. Kasola kathu kotchajira foni kanangokhala chidole. Lachiwiri pa 11 Juni tili khuma pansi pa lona, kawailesi ka malume kanalengeza kuti ndege imene inasowa dzulo lake yapezeka ku Chikangawa, ndipo Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi onse amene anali nawo amwalira. Palibe anayankhula. Malume anavula chipewa chawo chaubweya pa mphepo yonse ija, n'kuchigwira m'manja nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo ndinatsegula madengu n'kumva kafungo. Milamba ina inali itayamba nkhungu yoyera m'mimba ndi m'makha. Zolakwa zinali ziwiri, zonse zanga. M'dambo nkhuni n'zosowa, asodzi amawamba ndi bango ndi makwalata a migwalangwa, ndiye nsomba zina zimapsa kunja kokha mkati mukadali madzi. Ine ndinkasankha zolemera ndi zonyezimira, osadziwa kuti kulemerako ndi madzi. Mlamba wouma bwino umapepuka, ukaupinda umathyoka, ukaudina pamimba sulowa chala. Cholakwa chachiwiri, poopa mvula ndinakulunga madengu ndi pulasitiki mpaka pansi, nsomba n'kuchita thukuta. Dengu limafuna chophimba pamwamba pokha, m'mbali mpweya uzidutsa, ndipo likhale pa mitengo, lisagunde pansi pa boti.

Lachitatu malume anakwera bwato la msodzi wina kupita kumtunda kukasaka petulo, n'kutisiya titamangirira pafupi ndi msasa wa asodzi anayi. Anati abwera m'mawa. Ponyamuka ananena mawu awa, ndipo ndimawamvabe: "Mbaula muzimitse musanagone. Lona musatseke mbali zonse." Ndinayankha kuti, "Tamva, malume."

Usiku umenewo kunazizira kuposa masiku onse. Ndinali nditagula kabotolo ka kachasu wa masau kwa asodzi aja, poti ndi nyengo yake, n'kumadziuza kuti nditenthetse magazi. Bodza limenelo musalimvere: mowa umakupatsa kutentha pakhungu pomwe thupi likutaya kutentha kwenikweni, kenako umakulanda nzeru. Msuweni sanamwe, koma ankanjenjemera mpaka boti kugwedezeka. Anati, "Asuweni, tingolowetsa mbaula pang'ono pokha, manja afunde." Wamkulu ndinali ine. Ndinalowetsa mbaula pansi pa lona, ndinathiramo makala ena, ndinatsindira m'mbali monse ndi madengu kuti mphepo isalowe. Munafunda bwino kwabasi. Ndinati tizimitsa pakatha mphindi zochepa.

Chimene chinandidzutsa chinali mkodzo, ndipo ndimati kachasu yemweyo amene anandipusitsa ndi amenenso anandidzutsa, koma si chifukwa chomuyamikira. Mutu unkagunda ngati wina akukhoma msomali pachipumi. Nditayesa kudzuka, miyendo inakana. Ndinasanza pomwepo. Utsi munalibe, fungo munalibe, makala ali psuu, ofiira bwinobwino. Ndinamugwedeza msuweni, zii. Ndinamuitana dzina, ndinamumenya mbama, mutu unangogwera kumbali. Sindikumbuka bwino mmene ndinang'ambira lona. Ndimangokumbuka mphepo yozizira ikundimenya kumaso, ine ndikukankhira mbaula m'madzi ndi phazi, n'kumva kuti tsaa. Ndinamukokera mnyamata poyera ndikukuwa ngati mwana.

Asodzi anafika ndi matochi. Mmodzi anangoona lona ndi makala akuyandama, n'kudziwa zonse. Anamugoneka chammbali kuti akasanza asatsamwe, anamumasula malaya pakhosi, anamufunditsa miyendo. Ine ndinkafuna kumumwetsa tiyi, iwo anandikankha dzanja: munthu wokomoka samwetsedwa kanthu. Ankapuma, koma mofooka. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, anabuula, n'kutsegula maso osazindikira aliyense.

Anatinyamula pa bwato lawo lalikulu, awiri akupalasa, mmodzi kutsogolo ndi tochi, mu mdima ndi nkhungu, nthawi imene mvuu zimakhala zikubwerera m'madzi. Anthu amenewa anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha uchitsiru wanga, ndipo pofika kugombe anakana ndalama. Nditalimbikira, wachikulire mwa iwo anangoti, "Takhuta," kutanthauza zikomo m'Chisena, n'kulandira paketi ya shuga. Kunja kukuyera tinapeza njinga zamoto ziwiri za kabaza, msuweni atakhala pakati pa woyendetsa ndi msodzi womugwira, mpaka kuchipatala.

Adokotala anamuika pa mpweya wa okosijeni, nanenso anandiyeza. Anandifotokozera kuti makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako tulo tosadzukanso. Makala ofiira opanda utsi, amene ife timati apsa bwino, amautulutsabe. Anati tikanagona ola lina limodzi kapena awiri, nkhani ikanakhala ina. Ndinakhala pabenchi panja ndikulira mwakachetechete, anthu akundiyang'ana.

Malume anafika masana, atamva kwa asodzi. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwinanso khofi, ndipo zikanandipepukira. Analowa kukaona mwana wawo, anatuluka, anakhala pambali panga. Patapita nthawi anati, "Wadya?" Basi. Azakhali, amake a mnyamatayo, ndi amene anandilankhula mawu onse amene ndinkayenera kumva, pamaso pa anthu, ndipo panalibe limodzi lonama.

Kufunda m'boti popanda kudziika m'manda n'kotheka, ndipo asodzi amachita tsiku ndi tsiku. Phikani poyera, mukatha muzimitse makala ndi madzi. Wiritsani madzi, muwasiye apole pang'ono, muthire m'botolo lolimba, mulikulunge m'nsalu n'kuliika kumapazi. Valani chipewa ndi sokosi zouma, gonani mogundana misana, idyani nsima yotentha musanagone. Lona azikhala ndi mpata mbali ziwiri ngakhale mulibe moto. Ndipo wina akadandaula mutu kapena chizungulire pafupi ndi mbaula, musamati ndi malungo kapena kutopa. Tulukani nonse kaye, zokambirana pambuyo. Ndiwonjezere za majekete oyandamitsa: m'boti lathu munali imodzi yokha, anthu atatu, ndipo usiku uja pa bwato la asodzi panalibe ndi imodzi yomwe. Panopa sindikwera popanda yanga.

Msuweni anagona m'chipatala masiku awiri, kenako anapita kwawo ndi amake pa minibasi. Ine ndi malume tinabwerera ku boti ndi malita 20 a petulo wa m'zigubu amene anagula kwa mavenda pa K4,000 lita imodzi. Asodzi anali atatisungira katundu yense, osasowa ngakhale mlamba umodzi, ndipo anali atayalanso nsomba zina pa moto kuti apulumutse zimene zikanatheka. Tinatsika masiku awiri osalankhulana zambiri. Chakumunsi foni inayamba kugwira netiweki ya ku Mozambique. Kuyambira pamene Ruo amathira mu Shire kupita kumunsi, tsidya la kum'mawa ndi dziko la eni, choncho amene mukupitirira mpaka ku Nsanje musaiwale chitupa cha unzika ndipo musamangoima paliponse. Ife tinathera pa Chiromo Lamulungu pa 16 Juni, tsiku la 11. Katundu tinamutulutsira ku Bangula, n'kukwera lole ya usiku yodzera ku Ngabu ndi ku Thabwa.

Nsomba ndinagula za K520,000 zonse pamodzi, kuwerengera ndi ufa umene ndinasinthanitsa. Pafupifupi dengu limodzi pa madengu atatu alionse linali loonongeka. Zina ndinagulitsa motchipa kwa oweta nkhumba, zina ndinataya. Petulo woonjezera, njinga zamoto, mankhwala, chakudya cha masiku owonjezera ndi lole zinakankhira ndalama zonse zimene ndinawononga kufika pa K1,000,000, moti amayi akunyumba anachita kunditumizira K100,000 ya fizi ya mwana. Nditagulitsa zonse ndinapeza K760,000. Ngongole ya banki m'khonde, K480,000 pamodzi ndi chiwongola dzanja, ndinamaliza kubweza mu Novembala, nditagulitsa wailesi ya kanema.

Msuweni ankadandaula mutu ndi kuiwalaiwala kwa milungu ingapo, ndipo tinabwerera naye kuchipatala kawiri. Pano ali bwino, akuyendetsa yekha boti la bambo ake. Azakhali anayamba kundiyankha moni pa Khirisimasi.